Pemphero la Januwale, tiyeni tipemphere limodzi

Abale, amene muli ndi kamphindi imani kaye pang'ono tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Khirisimasi ija yapita. Mpunga ndi nkhuku zinatha tsiku lomwelo, mabotolo a Fanta tinabweza kale kugolosale, alendo anabwerera kwawo, ndipo ife amene pa 31 Disembala tinachezera mtchalitchi usiku wonse kuyimba mpaka mawu kusasa, kulonjeza kuti chaka chino sitijomba kumapemphero, ndife omwewo tikudzuka lero mutu uli pa fizi ya ana basi. Tikhululukireni Ambuye. Tikuopa kuti moto wa pa ovanaiti uja ungakhale wa mapesi.

Ine chikundigwira mtima ndi cha pa Luka 2:20, abusa aja atamuona mwana modyera ziweto sanakhazikike pompo ayi, anabwerera, kuubusa komwe kuja, kuzizira komwe kuja, koma akulemekeza Inu. Ndiye pa Mateyu 2:13-14 anzeru akum'mawa atangochoka mngelo anauza Yosefe kumaloto kuti dzuka, tenga mwana ndi amake thawira ku Ejipito, Herode akufuna kumupha, ndipo ananyamuka usiku womwewo. Ndiye kuti Yesu wathu, masiku obwera phwando litatha mumawadziwa bwino, munawayenda muli khanda m'manja mwa amayi anu. Musatisiye mu Januwale muno.

Mukuona nokha Ambuye, m'nkhokwe mwapepuka, chimanga pamsika chakwera, ndalama za banki mkhonde zomwe tinagawana mu Disembala zinapita kalekale, kumunda kukufunika feteleza wobereketsa, ena akupalira minda ya eni pa ganyu pomwe yawo ikulowa tchire. Zinthu zikathina chonchi mpomwe timaterereka, wina kwa katapila, wina kukabetcha ndalama ya ndiwo, wina mtchalitchi Lamulungu koma Lolemba mbandakucha ali pakhomo pa sing'anga kukatenga chithumwa cha bizinesi. Tigwireni dzanja pamenepo. Ngati tasowa tisowe tili anu, ndipo pamene tapeza kambale ka ufa mutikumbutse mayi wamasiye wa kuseri kwa nyumba yathu uja, amene sanena koma ana ake timawaona.

Tipatseni mvula yabwino, yokhwimitsa chimanga, mutitchinjirize ku ntchembere zandonda. Amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi konse kuja, mitambo ikangoda mtima umawathamangabe mpaka lero, atonthozeni Inu mwini.

Komanso Ambuye tithandizeni pa tinthu ting'onoting'ono timene timapha chikhulupiriro mwakachetechete. Mvula ikamawaza Lamulungu m'mawa bulangete limakoma, tidzutseni. Dzanja likamathamangira foni tisananene nkomwe zikomo potidzutsa, ine woyamba, tibwezeni ku Baibulo ngakhale vesi imodzi yokha. Amayi a Mvano, a kumphakati, anyamata ndi atsikana a kwaya, abusa, ansembe ndi akulu ampingo amene amayenda m'matope kukaona odwala, apatseni mphamvu asafooke. Munthu amene tinakangana naye chaka chatha ndipo pa Khirisimasi tinangopatsana moni wapakamwa, tipatseni mtima wopita tokha kukakhala naye pansi.

Abale athu amene akwera mabasi kubwerera ku Joni, adutse bwino pa Mwanza ndi pa Dedza, akafike amoyo, ndipo akapeze mpingo kumeneko, asakuiwaleni chifukwa cha mashifiti. Ana amene abwerera kusukulu, makamaka a Fomu 4 ndi a Sitandade 8, apatseni nzeru, ndipo wobwezedwa chifukwa cha fizi mumutsegulire khomo.

Pa Maliro 3:22-23 pakutiuza kuti chifundo chanu sichitha, chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse. Tikupempha cha mawa m'mawa Ambuye, cha mkuja tidzabweranso kudzapempha.

M'dzina la Yesu Khristu, Amen.