Tolkien sanapondeko pa Sapitwa, tisiye kunamiza alendo

Loweruka lapitali ndinali pa Likhubula kudikira mnzanga amene amaperekeza alendo m'phiri la Mulanje. Chapafupi, mnyamata wina atasenza chikwama cha azungu awiri ankawauza, nkhope ili gwa, kuti J.R.R. Tolkien, mlembi wa ku England wa The Lord of the Rings, anakwera phiri lathuli, ndipo anthu afupiafupi a m'mabuku ake anawatola konkuno. Azunguwo n'kumagwedeza mitu, mafoni ali m'mwamba. Sindinamudule pakamwa, munthu anali pa ganyu. Koma pano ndinena. Tolkien anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anachoka mu Africa ali ndi zaka zitatu, ndipo sanabwererenso. Kuno sanafikeko.

Bodzalo palokha silindiwawa. Ngakhale wogulitsa nanazi pamsewu amalumbira kuti zonse n'zotsekemera. Chondiwawa n'chakuti nkhani za phiri lathu timazipatsa ulemu pokhapokha tikamva kuti mzungu anazisirira. Mwana wakuno akatenga kope n'kuyamba kulemba zomwezo, timati walowa za satana.

Ndikunena zimene zachitika pakhomo pathu. Mphwanga ali Fomu 3. Mlandu ndi wanga, chifukwa ndine ndimamubweretsera timabuku takale togula pansi ku Limbe, tina topanda chikuto, ta maloboti ndi zinjoka zolavula moto. Mnyamatayu wadzaza kope lonse ndi nkhani yake. Chaka ndi 2091, patha zaka 100 chichitikireni ngozi ya ku Phalombe, ndipo mtsikana wina wolondera makina omvera kugwedezeka kwa nthaka pa Michesi wayamba kumva kuti chimene chikuyenda pansipo chikupuma. Amayi ake anapeza kopelo pansi pa matiresi, anawerenga masamba awiri, n'kubwera nalo kwanga atagwira ndi nsonga za zala ngati khoswe wakufa.

"Achimwene, mwanayu mwamuphunzitsa chiyani? Mawa ndikupita naye ku mapemphero."

Ndinati, achemwali, za Napolo ine ndi inu anatiuza ndani? Si anganga, pakhonde, tikutong'ola chimanga?

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna amene mumalemba mumvetsere. Anganga sankangoti m'phiri muli mizimu basi. Ankatchula malamulo ake. Ukapeza chakudya chokonzedwa bwinobwino m'njira, idya wekha, usaitane mnzako, usatengeko chopita nacho kunyumba. Ukakumana ndi kamunthu kakafupi n'kukufunsa kuti "Mwandionera pati?", uyankhe kuti ndakuonerani patali, kutali uko. Ukangoti pompano, zako zada. Ngakhale lichero la afiti ankati lili ndi polekezera: likadutsa pamwamba pa nyumba yotsirika, limagwa. Mwaona? Mphamvu iliyonse ili ndi malire ake, lamulo lililonse lili ndi chilango chake, ndipo womvera amakhala mtima uli m'mwamba chifukwa akudziwa chimene chingalakwike. Alembi akunja amachita kukhala pansi miyezi kupanga malamulo otere a dziko lawo lopeka. Ife tinawalandira ulere, tikudya mbatata yootcha.

Nkhani zambiri zamatsenga zimene anyamata amanditumizira pa WhatsApp zimagwa pomwepa. Mfiti ikuchita chilichonse chimene yafuna, kenako kumapeto kwabwera munthu wopemphera, moto phuu, nkhani yatha. Imeneyo ndi filimu ya m'vidiyo sho, si buku. Ngati wamatsenga wako salipira kalikonse, ine ndiwerengerenji tsamba lachiwiri?

Koma achemwali sindikuwaseka ayi. Mantha awo ali ndi pochokera. Kwa mzungu wa ku London chinjoka ndi chidole. Kuno Napolo ali ndi manda. M'mwezi wa March 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kupita. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatikumbutsanso, ndipo alipo amene mpaka lero sanaone mtembo wa m'bale wawo. Kumbukiraninso 2017, mphekesera za anamapopa zitagwira Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Tinkagona panja, misewu yotchingidwa ndi mitengo, mlendo aliyense wonyamula chikwama n'kukhala wokayikitsa, ndipo anthu anaphedwa. Imene ija inalinso nkhani yopeka, kungoti inalibe chikuto, inalibe dzina la mlembi, ndipo palibe anayamba ndi "padangokhala" kuti ife tiyankhe "tili tonse".

Ine ndimaona kuti mwana wozolowera nkhani zopeka savutika kuzindikira nkhani ikamapekedwa. Amadziwa msoko wake. Amafunsa kuti magaziwo akupita nawo kuti, akuwasunga bwanji, wawaona ndani ndi maso. Mphwanga, pofuna kuti makina a mtsikana wa m'nkhani yake amveke enieni, anakavutitsa aphunzitsi a jogalafe mpaka anamvetsa kuti mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi la pamtsetse limakhuta madzi, limalemera, n'kutsetsereka pamwamba pa thanthwe, makamaka pamene mitengo inatha. Napolo yemweyo ndi amene wamuphunzitsa zimenezi.

Komanso njirayi si yatsopano. Malemu Steve Chimombo anatulutsa Napolo Poems mu 1987. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo inapata mphotho ya Peer Gynt mu 2013. Onsewo ndi athu. Chimodzi chokha: mabuku awiri onsewa ali m'Chingerezi, ndiye mayi wothyola tiyi ku Thyolo sangawamve ngakhale mwana atamuwerengera.

Apa mphwanga nayenso ndinamukalipira. Mtsikana wake dzina ndi Emily Stone, mkulu wa pa ntchito ndi Captain Jack, ndipo pa tsamba lachitatu kukugwa sinowo. Sinowo pa Michesi! Chiperoni chonsechi, nkhungu yoti sungaone dzanja lako, iwe n'kukabwereka nyengo ya eni ake? Chingerezi chake chikuyenda chotsimphina, koma pamene agogo a mtsikanayo alankhula, mnyamatayu analephera kupirira, analemba m'Chichewa: "Mwanawe, chimenecho sichiyenda chokha, chimatsata madzi." Kope lonse mzere wamoyo ndi umenewo. Tsitsi linandiimirira.

Akuti Chichewa chilibe mawu a sayansi. Nanga kompyuta, batire, netiweki, sola, timazitchula m'chinenero chanji tsiku lonse? Amene akufuna kulemba za Thyolo wa mtsogolo, pamene makina athyola tiyi yense ndipo madengu apachikidwa, kapena za tsiku limene mkungudza womaliza udzakhale ndi msilikali wakewake, mawu alipo. Amalankhulidwa m'minibasi ya ku Muloza m'mawa uliwonse. Chosowa ndi munthu woti akhale pansi, alembe mpaka kumapeto. Ambirife, ine ndemwe, tili ndi mitu itatu yoyamba m'foni ndipo takhala nayo zaka.

Tamvana chonchi ndi achemwali: kopelo likhala kwanga mpaka mayeso a teremu ino atatha, ku mapemphero apita ndithu chifukwa kumeneko sindingalowerere, ndipo pa holide alembanso nkhani yonse m'Chichewa, Emily Stone asanduke Nasibeko kapena dzina lina la kwathu kuno. Sanavomere ndi mtima wonse, angoti "tiona".

Amene muli ndi laputopu yakale yoti imayakabe, cha ku Chitakale kapena Luchenza, ndipezeni ku inibokosi. Zolemba za mnyamatayu zili ngati mapazi a nkhuku, ndipo maso anga atopa.