Musatiuze kuti ndege ya bwana ndi chitukuko

Lero ndakwiya. Minibasi yathu yathyoka sipulingi m'dzenje pafupi ndi Benga, pa msewu wa M5, dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, akupepesa mwana wotentha thupi amene amapita naye kuchipatala ku Nkhotakota. Kenako kandege koyera kadutsa pamwamba pathu kulowera kumpoto, mnyamata wina n'kunena mokondwa kuti, "Mwaona? Malawi akutukuka." Akutukuka chani, achimwene?

Ndege yonyamula anthu asanu olemera si chitukuko cha dziko. Kunjaku, chichokereni Covid-19, anthu a ndalama azolowera kubwereka kapena kugula ndege zawozawo kuti asamaime pamzere ndi anthu wamba pabwalo la ndege. Ndege ya Gulfstream G700 imodzi mtengo wake umaposa madola 70 miliyoni. Ndalama ndi zawo, adye. Koma iwe wokwera kabaza, ukuombera m'manja chifukwa chani? Idzakunyamula liti?

Tinaziona kale izi. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika linagula ndege ya Falcon pa madola pafupifupi 22 miliyoni, dziko la Britain n'kudula thandizo lina. Mu 2013 boma la Joyce Banda linaigulitsa pa madola 15 miliyoni. Zaka zonsezo mlimi wa mpunga wa faya kuno anapindulapo chani? Ngakhale thumba limodzi ndegeyo sinamunyamulire.

Wouluka saona maenje. Bwana akakwera pa Kamuzu International Airport n'kukatera ku Johannesburg asanamve ndi njala yomwe, sangadziwe kuti kuchoka ku Salima kukafika ku Dwangwa msana umachita kuphwanyika. Msewu umene sauponda adzaukonza bwanji? Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mamewo tikuwaponda ndife, tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa ife tikumuimbiranso nthungululu wapanjovuyo! Zimenezi ndiye zikundiwawa kwambiri, kuposa dzenje lenilenilo.

Ndiye taonani amayi ogulitsa nsomba za ku Chia. Amadzuka m'bandakucha, kulipira galimoto ndalama zambirimbiri chifukwa dalaivala akuti mafuta wagula a m'zigubu, n'kukafika pamsika chambo chitayamba kale kununkha. Ogula amangonunkhiza n'kupitirira. Ngongole ya ku banki m'khonde ikudikira Lachisanu, abweza ndi chani?