Mwalipira boti, simunagule nyanja

Abale anga, lero ndilankhula, wokwiya akwiye. Usiku wathawu tulo sindinatione chifukwa cha uthenga womwe bambo wina waponya pa gulu lathu la WhatsApp. Walemba ndemanga pa intaneti yonyoza woyendetsa boti amene anatitengera ku mapanga a m'mbali mwa nyanja ku Algarve, ku Portugal, wamupatsa nyenyezi imodzi yokha pa zisanu, ndiye akutiuza tonse amene tinali paulendowo kuti nafenso tikalembe chimodzimodzi "kuti aphunzire". Aphunzire chiyani? Aphunzire kuti tsiku lina adzalole munthu kumira chifukwa choti walipira?

Ine sindilemba. Ndipo ndikunenera pano poyera kuti aliyense amve: kulipira boti sikugula nyanja.

Tinalipo anthu 6, tonse Amalawi okhala kuno ku Leicester, ambiri mwa ife ogwira ntchito yosamalira okalamba. Ndalama ya ulendowu inatuluka m'chipereganyu, ndi thukuta la mashifiti a usiku, palibe amene anaitola pansi. Tinatsikira ku Faro n'kukagona ku Portimão. Tinagwirizana kuti m'malo mothithikana m'chiboti cha anthu ambirimbiri, tichite hayala kaboti kathukathu kwa maola awiri, ife tokha ndi woyendetsa wake. Mawu akuti "kathukathu" amenewa ndi amene anawazunguza mutu bambowa.

Tinanyamuka m'mawa, kutsika ndi mtsinje wa Arade, nyumba zoyera za ku Ferragudo zili kumanzere, kenako n'kutulukira pa Atlantic penipeni. Matanthwe a kumeneko ndi achikasu mofiirira ngati chigumu chopsa bwino, ataliatali, odyekadyeka m'munsi. Tinadutsa Carvoeiro, tinaona nsanja ya nyali ya Alfanzina itakhala pamwamba pa phompho. Woyendetsa wathu anali bambo wachikulire wa imvi, wosalankhulalankhula, manja ake okakala ngati a asodzi a ku Msaka. Anatilowetsa m'phanga loyamba mwapang'onopang'ono, injini ikungonong'ona. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo koma m'katimo munali zii, kuzizira, fungo la mchere ndi zitosi za mbalame, madzi akuwala mobiriwira kuchokera pansi. Funde likamenya kumapeto kwa phanga limamveka ngati munthu waomba ng'oma yaikulu m'chipinda chotseka. Tonse tinangoti chete. Ine misozi inalengeza, sindinama.

Titafika pa kaphanga kena kakhomo kakang'ono, mkuluyu anaimika boti chapatali. Sanalankhule kanthu. Maso ali pamadzi, milomo ikugwedera, ndinazindikira kuti akuwerenga mafunde. Funde likabwera, khomo lija limatsekeka theka. Likabwerera, limayasama. Anadikira, anadikiranso, kenako anapukusa mutu n'kunena kuti lero ayi, mphepo yatembenuka. Pomwepo bambo athu aja anayamba kung'ung'udza kuti pa chithunzi chomwe anaona polipira boti linali m'kati mwa phanga ngati lomweli.

Ndiye nyanja imaona zithunzi? Mafunde amawerenga lisiti?

Koma zenizeni zinachitikira ku Benagil, phanga lotchuka lija lomwe mumaliona pa Facebook ndi pa TikTok. Amene simunafikeko, ganizirani chinyumba chachikulu chozungulira ngati tchalitchi, makomo awiri otsegukira kunyanja, m'kati muli kagombe kamchenga, ndipo padenga pali chibowo chozungulira pomwe dzuwa limalowera n'kugwera pamchengapo. Ndi kokongola, pamenepo palibe wotsutsa. Tisanalowe woyendetsa ananena momveka bwino, kawiri konse, kuti tilowa, tizungulira, tijambula tili m'boti, tituluka. Palibe wotsika.

Tangolowa, bambo aja avula life jacket, jekete ija yothandiza kuti munthu asamire, aiponya pansi, apereka foni kwa akazi awo, mwendo umodzi uli kale pamphepete pa boti. Akuti akufuna chithunzi ataima pamchenga pansi pa bowo, manja atatambasula. Boti linapendekera mbali imodzi, mtsikana wina amene tinali naye anakuwa. Kumbuyo kwathu kunali boti lina likudikira kulowa, chapambali pali anthu a makayak, timabwato topalasa ndi manja, ndipo funde limatikankhira kukhoma. Woyendetsa anakweza mawu koyamba pa ulendo wonsewo, anawauza kuti akhale pansi. Akazi awo akuwakoka malaya, "Bambo, chonde khalani pansi, mukutichititsa manyazi." Ine ndinati, "Alamu, valani jekete, tikambirana kumtunda." Iwo ndiye kukalipa m'Chingerezi kuti boti ili talipira ndife, lero bwana ndi ine, uchita zomwe ndikuuze. Mpaka anapisa m'thumba n'kutulutsa ma euro, kumawagwedeza kumaso kwa munthu wamkulu woti akhoza kukhala bambo awo.

Mkulu uja sanayang'ane n'komwe ndalamazo. Anatembenuza boti n'kutuluka. Titafika pamalo odekha anazimitsa injini, n'kunena kuti salizanso mpaka aliyense atavala jekete. Tinakhala pamenepo tikuyandama, anthu akuluakulu asanu tikudikira munthu mmodzi kuti amange malamba.

Ameneyo ndiye akuti ndi wamwano. Ameneyo ndiye akuti tikamupatse nyenyezi imodzi.

Tamverani alamu, popeza ndikudziwa kuti muwerenga. Chomwe tinalipira ndi mpando, mafuta, ndi maola awiri a munthu wodziwa madzi amenewo. Sitinagule mutu wake. Sitinagule maso ake. Ndipotu chodula kwambiri pa zonse zomwe tinalipirazo ndi "ayi" wakeyo. Munthu wongovomera chilichonse chifukwa waona ndalama ndi woopsa kuposa mafunde amene. Mukachita hayala minibasi kupita ku ukwati ku Dedza, mumamuuza dalaivala kuti adutse pa mlatho woti madzi asefukira chifukwa mwalipira? Mukakwera ndege mumakagogoda kwa woyendetsa kuti atere pomwe mwafuna inu? Nanga bwanji pamadzi mukufuna kukhala bwana, inu amene ngakhale kusambira kwake ndi kwa m'bafa?

Ndalama yanu imathera pamphepete pa boti. Kuseri kwake kuli madzi, ndipo madzi sadziwa kuti mumalandira mapaundi.

Komanso si nkhani ya mtima wa woyendetsa ayi, ndi lamulo. Kuyambira mu Ogasiti 2024 oyang'anira za panyanja ku Portimão analetsa kutsika pamchenga wa m'phanga la Benagil, analetsa kusambira kupita m'phangamo, a makayak ayenera kukhala ndi wowatsogolera, ndipo boti likalowa limakhala mphindi zowerengeka n'kupereka mpata kwa ena. Chifukwa chake n'chosachita kufunsa, anthu anachuluka, osambira ndi maboti a injini kumalimbirana khomo limodzi. Zithunzi za anthu ataima pamchenga zomwe munaziona n'zakale. Mkulu uja anatiuza yekha kuti akalola munthu kutsika, chindapusa chigwera iye. Inu mukanakwera ndege Lamlungu n'kubwerera ku Leicester ndi chithunzi chanu, iye n'kutsala ndi mlandu, mwinanso ntchito itatha. Ana ake akanadya chithunzi chanucho?

Ndipo bowo lomwe mumafuna kuima pansi pakelo mukuganiza kuti analiboola ndani? Ndi denga lomwe linagumuka. Matanthwe amenewo ndi a miyala ya laimu, yofewa, nyanja imaikumba kunsi, mvula imailowa pamwamba. Mapanga onse okongolawo alipo chifukwa thanthwe likudyeka, ndipo silinasiye kudyeka chifukwa inu mwabwera. Mu Ogasiti 2009 chigawo cha thanthwe chinagwera anthu pa gombe la Maria Luísa ku Albufeira, m'mbali mwa nyanja momwemo, anthu 5 anafa. Anali pa tchuthi ngati ifeyo. Nawonso anali atalipira.

Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Akuluakulu ananena kalekale, ine sindiwonjezerapo.

Chomwe chandiwawa kwambiri mu ndemanga yanuyo ndi mzere womwe mwalemba kuti anatikaniza chifukwa ndife akuda. Apa ndiye mwandiponda pachilonda. Tsankho liliko, ine ndalilawa. Ndasambitsapo nkhalamba ikunditukwana chifukwa cha khungu langa, ndatsatidwapo m'sitolo ngati wakuba. Ndikudziwa kununkha kwake. Pa boti lija panalibe. Azungu omwe anali m'boti la kumbuyo kwathu sanatsike. A makayak aja sanatsike. Mchenga unali mbee, popanda phazi la munthu. Mkulu yemweyo ndi amene anagwira dzanja mayi wamkulu wa m'gulu lathu pokwera ndi potsika, ndi amene anatembenuza boti kawiri pa matanthwe a Marinha kuti tonse tijambule bwino dzuwa lili kumbuyo kwathu. Mukatenga mawu olemera ngati amenewo n'kuphimbira khalidwe lanu loipa, mukutipweteka tonse. Mawa wina akadzachitidwa tsankho lenileni, adzamumvera ndani? Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Mmalawi wotsatira amene adzakwere boti limenelo adzayamba ndi ngongole yomwe mwasiya inu.

Ndipo mukudziwa bwino lomwe kuti anthu a maboti ang'onoang'ono amadyera ndemanga zimenezi. Mlendo asanalipire amayamba wawerenga zomwe ena alemba. Nyengo yawo yopezera ndalama ndi miyezi yotentha yokha, dzinja likafika nyanja imakalipa ndipo alendo amachepa. Inu mwakhala pa sofa, chala chimodzi, mwathira mchenga mu nsima ya munthu amene anakubwezani kumtunda muli wamoyo. Ndiye mukufuna zala zathu zisanu ziwonjezere mchengawo. Changa ayi. Ine ndalemba yanga m'mawa uno, nyenyezi zisanu, ndipo ndafotokoza zonse monga zinachitikira, kuphatikizapo za jekete yoponyedwa pansi ija.

Mtima umenewu wa "ndalipira" watilowa kwambiri ife amene tili kunja kuno. Tikangogwira kandalama timaona ngati aliyense wotitumikira ndi wantchito wa pakhomo pathu. Chonsecho ifeyo ndi amene timabwera ku gulu lomweli kudzadandaula kuti achibale a okalamba amatilankhula ngati si anthu, amatiuza kuti "tikukulipirani" tikakana kunyamula wodwala m'njira yoti ingamuvulaze. Lolemba mukulira kuti akunyozani pa ntchito yomwe mumaidziwa, Loweruka mukugwedeza ndalama kumaso kwa mnzanu pa ntchito yomwe amaidziwa. Kusiyana kwake kuli pati?

Woyendetsa akati ayi, ndi ayi. Kaya boti ndi la anthu 60, kaya ndi la inu nokha ndi akazi anu, kaya mwalipira kawiri. Mukafuna malo oti mawu anu akhale omaliza, khalani kumtunda.

Ife a kunyanja zimenezi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa ndi Apwitikizi. Ndani sadziwa mwera? Msodzi wa ku Nkhotakota akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero sitilowa, ngakhale mwana amadziwa kuti nkhani yatha. Sitima ya Vipya inamira mu 1946 pa nyanja yathu ya Malawi yomweyi, anthu 145 anapita, ndipo inali sitima yatsopano, osati bwato. Madzi tikuwadziwa. Timangowaiwala tikavala magalasi adzuwa.

Ndipo poti ndayamba, za majekete zomwezi zimandinyansanso kwathu. Chaka chatha ndinali ku Cape Maclear, tikupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi. Anyamata a boti anatulutsa majekete, anthu akuluakulu ophunzira bwino, ochokera ku Lilongwe ndi magalimoto awo, n'kumakana kuti ndi akuda, akununkha, awononga zovala pa chithunzi. Anawaunjika pansi n'kupondapo mapazi. Mayi wina anakhazika kamwana ka zaka ngati zinayi kutsogolo kwenikweni kwa boti, kopanda jekete, kuti akajambule bwino madzi ali kumbuyo. Mnyamata wa boti atalankhula, anamuyankha kuti iwe yendetsa boti, mwanayu ndi wanga. Mnyamata uja anangoti chete chifukwa amaopa kutaya kasitomala. Ine ndi amene ndinadzuka n'kukamuveka mwanayo, mayi ake akundiyang'ana ngati ndawatukwana.