Za ku Turin mwazisiyiranji?

A mtolankhani, mwamutamanda Ubaldino Peruzzi kuti ndiye anakongoletsa Florence ali meya, koma za mu Sepitembala 1864 mwangozilumpha. Nthawi imeneyo bamboyu, amene anaphunzira zamalamulo ku Siena, anali nduna ya za m'dziko m'boma la Italy lotsogozedwa ndi Marco Minghetti. Anthu a ku Turin atamva kuti boma lapangana ndi France zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Turin kupita ku Florence, anakhamukira m'misewu. Pa 21 ndi 22 Sepitembala, apolisi ndi asilikali anawombera khamulo pa mabwalo a Piazza Castello ndi Piazza San Carlo, anthu oposa 50 n'kufa. Sipanapite masiku, mfumu Vittorio Emanuele II inachotsa boma lonselo. Apolisi anali pansi pa ndani? Nanga likululo linkapita kwawo kwa ndani? Peruzzi anali mwana wa ku Florence komweko.

Za umeya nazonso mwazidula pakati. Misewu ikuluikulu imene mapulani ake anajambula ndi katswiri wa zomangamanga Giuseppe Poggi, imene inadutsa pomwe anagumula malinga akale, komanso Piazzale Michelangelo pamene alendo amajambulitsa dzuwa likamalowa, zinamangidwa ndi ndalama za ngongole. Mu 1871 boma linasamukira ku Rome, ngongole n'kutsalira eni mzinda. Pofika 1878 khonsolo inali italephereratu kubweza, Peruzzi n'kutula pansi udindo.

Inu amene mwalemba pamwambapa kuti meya wotere sadzapezekanso, kukongola kwa mzindawo sindikukana ayi. Koma tawerengani kaye za Piazza San Carlo, kenako mubwere tidzakambirane.