Kusandulika kwa kamodzikamodzi kwa makwaki kukuyenera kulemekezedwa

Anthu akamakamba za tinthu ting'onoting'ono topanga atomu, ambiri amathamangira ku kanthu kotchedwa Higgs komwe kanapezeka mu 2012 ku CERN, malo a kafukufuku a ku Ulaya. Ine ndikuona kuti nkhani yaikulu ili pa kwaki, kanthu kakang'ono kopezeka mkati mwa phata la atomu, yomwe imasandulika kukhala mtundu wina wa kwaki popanda kusintha mphamvu yake ya magetsi, zomwe zimachitika mwa kamodzikamodzi zedi.

Mu 1970, akatswiri a sayansi Glashow, Iliopoulos ndi Maiani anafuna kudziwa chifukwa chomwe kaoni, kanthu kopangidwa ndi makwaki, sisweka kawirikawiri kukhala mamuoni awiri (muoni ndi m'bale wolemera wa elekitironi) monga masamu a nthawiyo ankanenera. Iwo anati payenera kukhala kwaki yachinayi yomwe imatsekereza zimenezi, ndipo mu 1974 umboni wa kwakiyo, yotchedwa charm, unapezekadi ku Brookhaven ndi ku SLAC, malo a kafukufuku a ku America. Kusowa kwa chinthu ndi komwe kunalozera akatswiri chinthu china chomwe anali asanachione.

Chomwe ndimaikirapo mtima pankhaniyi n'chakuti mu 1974 womwewo, Georgi ndi Glashow anapereka ganizo lakuti mphamvu zitatu za chilengedwe zili ndi gwero limodzi, ndipo makwaki ndi maelekitironi ndi a banja limodzi. Mphamvu yofunika kuti umodziwo uonekere imaposa ya makina a LHC, owombanitsa tinthuti ku CERN, pafupifupi kathiriliyoni, choncho palibe makina omwe angafikeko m'badwo uno. Komabe malingaliro ambiri a mtunduwu amabwera ndi tinthu tina tolemera, tomwe tingatulukire kwa kanthawi kochepa mkati mwa kusweka n'kusintha kuchuluka kwake. N'chifukwa chake gulu la MEG II ku Paul Scherrer Institute ku Switzerland limawerenga mamuoni osawerengeka, kudikira imodzi yokha yosandulika elekitironi ndi kuwala, kusandulika kofanana ndi kwa kwaki kuja. Mpaka pano sinaonekepo, ndipo ngati zimachitika, sizikwana kawiri pa mathiriliyoni khumi. Ena amati uku n'kulephera, koma ine sindivomereza, pakuti malire amenewa agwetsa kale malingaliro ambiri omwe ankaoneka okongola papepala.

Chimodzimodzi mu 2015, magulu a ku CERN a CMS ndi LHCb anatsimikiza kuti Bs, kanthu kena kopangidwa ndi makwaki, imasweka kukhala mamuoni awiri pafupifupi katatu pa biliyoni imodzi, mogwirizana ndi masamu omwe akatswiri amadalira masiku ano.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi phuma. Mu 2021, LHCb inaona ngati maelekitironi ndi mamuoni sakuchita zofanana pa kusweka kwa B, m'bale wa Bs, ndipo manyuzi anafuula kuti mphamvu yatsopano yapezeka. Mu Disembala 2022 kusiyanako kunazimiririka, zitadziwika kuti tinthu tina tinkawerengedwa molakwika ngati maelekitironi. Gululo linadzikonza lokha, ndipo ndikulilemekeza pa chimenechi.

Panopa maso anga ali pa gulu la NA62 la ku CERN, lomwe mu 2024 linayeza kusweka kwa kaoni kukhala payoni (m'bale wopepuka wa kaoni) ndi manyutirino awiri (tinthu topepuka zedi topanda mphamvu ya magetsi) n'kupeza pafupifupi ka 13 pa mabiliyoni 100, pomwe masamu amati pafupifupi ka 8. Kusiyanako sikunakwane kutchedwa umboni, ndiye ndikufuna makaoni ochuluka ayesedwe tisanayambe kutchula mphamvu yatsopano.