Mafupa a ku Karonga si miyala ya legeni

Ndinali ku Karonga sabata yathayi kumaliro a mlamu wanga, ndipo zimene ndinaona pobwerera zikundiwawabe. M'khwawa lina chakummwera kwa boma ndinapeza ana a sukulu, yunifolomu ili m'thupi, akuswa fupa losanduka mwala limene mvula inafukula. Ati aone ngati m'kati muli mafuta! Wina wadzaza zidutswa m'thumba, ati ndi za legeni. Aphunzitsi awo ali poteropo pamthunzi, maso pa foni. Nditawafunsa anangoti, "Ndi miyala basi, madala."

Miyala basi? Inu aphunzitsi athunthu? Simunalowepo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ija ya pa Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, n'kuona chinyama chachikulu chakalekale chija, Malawisaurus, chitaima pamenepo? Mafupa ake anakhala m'dothi la ku Mwakasyunguti zaka zoposa 100 miliyoni. Mvula inalephera, chiswe chinalephera, ndiye adzawamalize mwana wa Sitandade 6 inu mukuyang'ana WhatsApp?

Ku Uraha, m'boma lomwelo la Karonga, mu 1991, gulu la akatswiri a Friedemann Schrenk ndi a Timothy Bromage linatola chibwano cha munthu wakalekale, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Chaka chotsatira anthu aja anabwereranso kukasefa dothi, kufunafuna kachidutswa ka dzino limodzi. Kadzino! Ife tikuponyera mbalame. Mayi Elizabeth Gomani, mwana wa dziko lino, anathera zaka akufufuza mafupa a zinyama zakalekalezi mpaka kutcha chinyama china dzina loti Karongasaurus mu 2005. Kodi ana anuwo dzina la mayiwa analimvapo m'kalasi?

Akuluakulu nanunso musabisale kumbuyo kwa ana. Ndamva za ena amene atenga fupa la msana n'kuliyesa fuwa lotereka mphika. Ena akuika pachitseko kuti mphepo isatseke. Ena akupera, ati ndi chizimba cha bizinesi. Ndipo mlendo akangotsika pa galimoto n'kuonetsa ndalama, mwathamanga kale ndi khasu. Mugula chiyani, shuga wa masiku awiri? Fupa mukalizula pomwe linagona mwalipha kachiwiri, chifukwa akatswiri amawerenga zaka zake pa dothi lolizungulira. Lamulo loteteza zinthu zakale liliponso, ndipo kukumba kapena kutulutsa zinthuzi kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Tsiku lodzakugwirani musadzati simunauzidwe.

Mukaona fupa m'khwawa lisiyeni pomwepo. Jambulani ndi foni yanu yomweyo, uzani amfumu, uthenga ukafike kwa a nyumba ya zinthu zakale. Chavuta n'chiyani pamenepa? Mafumu, pamsonkhano mumatha kulengeza za makuponi, izi zokha pakamwa pamalemera?

Inu aphunzitsi a pamthunzi paja, ngati mukuwerenga, manyazi akugwireni.