Kiyibodi yanga ndi malata a amayi

Abale anga a kuno ku Joni, pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndiye ndingoitula pano.

M'mawa uliwonse takisi yopita kuntchito imandidutsitsa ku Braamfontein, pafupi ndi yunivesite ya Wits. Ndikaona anyamata atabereka magitala akulowa pageti, mtima umandipweteka. Ndili ndi zaka 27. Ndinatsikira pa Park Station mu 2019 ndi kachikwama kamodzi, cholinga chili chomangira amayi nyumba ya malata ku Mulanje. Nyumbayo pano yafika m'mawindo. Koma mumtimamu muli china: ndikufuna kuphunzira nyimbo kukoleji.

Kiyibodi ndinaiphunzirira kukwaya, ndi khutu basi. Munthu akangoyambitsa nyimbo, kiyi ndimaipeza asanamalize mzere woyamba. Kumpingo kwathu ku Rosettenville amandiyamikira, inenso ndinkadzimva ukatswiri. Mpaka mu June, pomwe mnzanga wa ku Zimbabwe ananditengera ganyu kusitudiyo ina m'tauni. Tinangofika, bambo wina nkundiyalira pepala la nyimbo patsogolo: mizere isanuisanu, timadontho takuda ngati nyerere pa shuga. Akuti tiyambire pakati, pomwe analemba 17. Ine kakasi. Do re mi wa pabolodi la kwaya uja sanandithandize. Kuzizira kwa June kuno mukukudziwa, koma thukuta linali kamukamu. Anaitana kamtsikana kena, kanayang'ana pepala, kuimba kamodzi, ndalama nkutenga. Ine anangondipatsa ya takisi.

Ndiye amene mumati luso n'lobadwa nalo, sukulu siwonjezera kanthu, pepani, sindikugwirizana nanu. Khutu limakudyetsa Lamlungu ndi pa maukwati. Komwe kuli ndalama zenizeni amafuna munthu wowerenga nyimbo papepala. Tsiku lomwelo ndi pomwe ndinamvanso koyamba kuti nyimbo ukapeka umakailembetsa ku bungwe la SAMRO, monga kwathu ku COSOMA, kuti ikamaseweredwa pawailesi uzilandirako kangachepe. Zaka zonsezi ndimangopeka nkumagawa pa WhatsApp.

Komabe ndikakhala pansi ndi cholembera, masamu ake akukana. Digiri ya nyimbo ku Wits ndi ya zaka zinayi, ndipo asanakutenge umayamba wakaimba pamaso pa aphunzitsi. Thandizo la fizi lochokera kuboma, la NSFAS, ndi la eni dziko, ife alendo ayi. Chitupa chololeza mlendo kuphunzira kuno chimafuna kalata yoti sukulu yakulandira komanso medical aid, ndipo ntchito amakulola maola 20 okha pa sabata. Maola 20 alipire lendi, fizi yanga, fizi ya mchemwali wanga wa Fomu 3, atsalenso otumiza pa Mukuru? Osaiwala kuti ndinangolekeza pa MSCE, mapepala ayambe akaunikidwa kaye.

Nditawatchulirako amayi, anayankha ndi voice note ya masekondi ochepa: "Mwanawe, nanga nyimbozo n'zimene zidzafolere nyumba? Mvula ikubwera." Sindinawakwiyire. Agogo aamuna anabwera kuno nthawi ya Wenela, kubwerera ndi njinga ndi wailesi. Kwathu munthu wa ku Joni amamuyeza ndi zomwe wabwera nazo, ndipo akachedwa amayamba kumutcha mtchona. Ndidzafike ndi pepala la digiri, denga lili laudzu? Nanga ndikamaliza ndili ndi zaka 32, ntchito yake ndi iti? Mwina uphunzitsi, womwenso sindikudziwa ngati ndingaukonde.

Pali amene andiuza kuti ndingobwerera, ndikayese ku Chanco ku Zomba kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe. Nzeru ndithu, koma ndikachoka kuno ndiye kuti randi yaima.

Chomwe ndaona n'chakuti njala yanga si ya gauni ayi, ndi ya pepala la timadontho lija. Yunivesite ya Unisa imalembetsa mayeso a nyimbo a magiredi, ndipo munthu umakonzekera ukugwira ntchito, ndi mphunzitsi wapadera. Ndapeza mayi wina wachikulire wophunzitsa piyano Loweruka masana. Sabata yatha anandimenya pang'ono padzanja ndi pensulo, akuti zala ndimaziponya ngati ndikusenda chinangwa. Zakoleji sindinazitaye, ndangozikankhira kutsogolo, ndipo masiku ena ndimadzifunsa ngati kumeneku si mantha chabe.

Amayi sindinawauze za Loweruka. Dzulo ndawatumizira ya malata khumi oyamba.